Tizipata ta Mumtima mwa Noku

Lolemba, 8 Disembala 2008

Mvula tsiku lachinayi. Matope okhaokha kuchokera kukomboni kufika kukiliniki. Asisita anapita ku Botswana mwezi watha, osatsanzika. Ndatsala ndekha, ine wongothandizira anamwino, makiyi a kiliniki ya esiteti ya tiyi yonse ali m'thumba mwanga. Pashelefu panado pang'ono, mabandeji, kwinini wa jakisoni mabokosi awiri. Basi.

Mapilitsi a mtima a mwana wanga Noku atsala asanu ndi anayi. Mlongo wanga Lyford anatumiza ena kuchokera ku Cape Town mu Okutobala, anapatsira dalaivala wa basi. Mpaka lero.

Ndawerenganso kalata yake ya chaka chatha, ngakhale ndinailoweza kale.

"Achemwali Agripina, ndapeza chimene chinapha Isake. Si ufiti, si khunyu. Mtima umagunda ndi magetsi akeake. Selo iliyonse ya mtima ili ndi tizipata tosaoneka ndi maso, timene timatseguka ndi kutsekeka kuti mchere wina ulowe, wina utuluke. Mtima ukagunda, mchere wotchedwa potaziyamu uyenera kutuluka msanga kuti mtimawo upume, ukonzekere kugunda kwina. M'banja mwathu kachipata kameneko n'kopunduka. Kamachedwa. Masiku ambiri sizioneka. Koma munthu akadzidzimuka ndi phokoso, mtima umagunda usanapume, n'kusokonekera. Wamwayi amangokomoka. Tizipata ta mtundu womwewu tilinso m'maselo a muubongo, mwina n'chifukwa chake ena amagwa ngati akhunyu. Izo ndikufufuzabe."

Kenako mayina. Amayi ali nako. Ine ndili nako. Noku ali nako. Malemu Isake anali nako. Lyford alibe. Wophunzirayo alibe.

Kuseri kwa pepala, mankhwala amene ife sitiyenera kulandira. Woyamba pamndandanda, kwinini.

Isake, wotsiriza kubadwa kwathu. Anagwa pasiteji ya basi ku Samanga, lole italiza hutala kumbuyo kwake. Zaka 24. Pamaliro ake Lyford ankayenda ndi timabotolo, kutenga magazi a tonsefe. Amayi anati, "Ndinabereka mwana, sukulu yandibwezera namapopa." Dzanja anapereka, koma nkhope atayang'ana kukhoma.

Loweruka, 13 Disembala

Ku Mutare pa lole ya nthochi. Masitolo a mankhwala asanu ndi imodzi, onse ndawayenda. Mayi wa sitolo yomaliza anawerenga kapepala kanga n'kupukusa mutu. "Amai, aya takapedzisira kuaona gore rakapera." Akuti anawaona komaliza chaka chatha.

Kolera paliponse. Anthu sakupatsananso moni wa dzanja, akungogundanitsa zigongono. Madzi sindinamwe tsiku lonse.

Kuyambira lero ndikudula mapilitsi pakati ndi lezala.

Pobwera ndinapeza Noku atagona chafufumimba pamphasa, akujambula m'kope lake. Sukulu inatseka aphunzitsi atathawa, Fomu 3 yonse yapita pachabe, koma iye ndi kope. Wajambula selo yaikulu ngati dzungu, tizipata kuzungulira, kamodzi kokhota. Akuti adzakagwira ntchito ndi Sekuru. Amalume ake amawatchula choncho, monga ana onse akuno. Chinyanja chake n'chosakaniza ndi Chishona, agogo ake amangodandaula.

Chimene chimamuseketsa ndi achule. Lyford amatenga chilema chathuchi n'kuchiika m'dzira la chule, kenako amalibaya ndi kasingano ka galasi kochepa kuposa tsitsi, n'kumayeza magetsi amene akudutsa. Zaka ziwiri akuchita zimenezo. Noku: "Mhamha, saka ndiye kuti mtima wanga uli m'dzira la chule ku Cape Town?" Anaseka mpaka kutsokomola. Ine n'kumuuza kuti aseke pang'onopang'ono. Mayi wotani woletsa mwana kuseka.

Lachitatu, 17 Disembala

Magetsi kulibe sabata yachiwiri. Akuti thiransifoma inapsa. Fakitale ili zii. Tiyi wothyoledwa akuwola m'mashedi, fungo lake likufika mpaka m'nyumba. Amuna akhala m'makonde, madandaulo okhaokha.

Ine ndikuthokoza chamumtima. Sayirini ya 6 koloko sikulira.

Chilandirireni kalata ija, m'mawa uliwonse ndimadzutsa Noku ndi dzanja, kumusisita pamsana, kuti sayirini imupeze ali maso. Akadzuka ndimatsegula zenera lathu. Bambo Abrahamu, mlonda wa pageti amene amailiza, ndinawafotokozera zonse. Amayamba ayang'ana kumtunda kuno. Zenera likakhala lotseka amadikira, ngakhale kapitawo akalipe. Munthu wabwino. Za tizipata sanamve kanthu, anangoti, "Mai Noku, mwana wanu ndi wathu."

Masiku ano ndikumusiya agone mpaka dzuwa lituluke.

Lachinayi, 25 Disembala

Mapilitsi anatha Lamulungu.

Kutchalitchi nyimbo ziwiri za Chinyanja, chifukwa cha achikulire. Amayi anaimba maso ali chitsinzire, mwina ali ku Mulanje kumene anachoka ali namwali. Noku m'kwaya, mzere wachiwiri, diresi la buluu limene layamba kumuthina m'mapewa. Woimba ng'oma atamenya mwamphamvu ndinaimirira osadziwa. Noku anandiyang'ana ndi diso la manyazi. Ndinakhala pansi.

Mpunga wochokera kutsidya ku Mozambiki, nkhuku yathu yakuda ija.

Masana tinakwera pathanki ya madzi, pokhapo pamene foni imagwira. Lyford mawu ali m'mwamba. Zimene wapeza azisindikiza m'buku lalikulu la madokotala, ndipo amuitana ku Germany mu Januwale kuti akalankhule. Ndinamuuza kuti phukusi la mapilitsi lija silinafike. Ankaganiza kuti linafika kalekale. Ndi ine amene sindinkafuna kumuvutitsa. "Achemwali, bwanji osanena? Ndikachoka ku Germany ndibweretsa ndekha. Mwezi umodzi wokha. Nthochi zambiri, muli potaziyamu. Asadzidzimuke."

Nthochi zokha ndiye kuno ku Honde sizisowa. Noku akuti pofika Febuluwale adzakhala atamera mchira.

Lachiwiri, 6 Januwale 2009

Noku mutu, kuzizidwa, msana. Malungo adzaza komboni yonse, lero lokha anthu khumi ndi atatu. Mapilitsi atsopano a malungo anatha mu Novembala. Panado ndi nsalu yonyowa. Ndamugoneka kukiliniki, bedi la pakona, kuti ndizimuona ndikugwira ntchito.

Lachitatu, 7 Januwale

Kusanza. Phala, madzi, nthochi, zonse zikubwerera. Kusanza kumataya potaziyamu, Lyford analemba zimenezo, ndikudziwa. Kudziwa kukundithandiza chiyani.

Lole ya esiteti ilibe dizilo. Ngakhale ikanakhala nayo, madzi akudutsa pamwamba pa mlatho.

Lachinayi, 8 Januwale

Masana sanandizindikire. Ananditchula Asisita. Maso achikasu, khosi lofooka. Ana ofika pamenepa ndawaona ambiri. Pamatsala maola.

Ndinathamangira pathanki mvula ikundimenya. Lyford anayankha ali mu labu, ndinkamva makina akulira kumbuyo. Ndinamuuza zonse monga namwino, osalira. Anafunsa ngati palibe mankhwala ena alionse. Palibe. Kuchipatala chachikulu? Msewu kulibe, ndipo pa malungo ofika apa nakonso n'kwinini yemweyo.

Kenako, "Malungo amupha lero. Kwinini mwina. Mupatseni, achemwali. Pang'onopang'ono zedi. Chala chanu chisachoke pamkono pake."

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikubaya anthu, mtsempha sindiuphonya. Lero katatu. Mkono wa mwana wanga.

Ndinakhala pambali pake kuwerenga madontho a diripi, chala pamtsempha. Kugunda kulikonse ndinkadikira kotsatira.

Lachisanu, 9 Januwale

Akadali moyo. Thupi likadali moto. Diripi yachitatu. Kamodzi mtima unadumpha, kenako n'kubwerera m'malo. Sindinauze munthu.

Amayi abweretsa tiyi wopanda shuga. Wazizira pawindo.

Lamulungu, 11 Januwale

Watsegula maso n'kunena, "Mhamha, ndine nzara." Njala! Phala lothira nthochi yokanya, masipuni asanu ndi awiri, osabweza. Thupi lazizira. Akuti m'makutu mwake muli njuchi, ndi kwinini ameneyo, zidzatha. Wafunsa kope lake. Wafunsanso ngati tsitsi lake likuoneka ngati la wamisala. Likuonekadi. Ndamuluka mizere inayi ali chogona.

Amayi anavina pakhonde la kiliniki, zaka 71, chitenje chili m'manja.

Lyford ndinamupeza ali pabwalo la ndege. Analira pafoni ngati kale, ali wamng'ono, ndikamusambitsa madzi ozizira. Akuti ndimuuze Noku kuti akalankhula za iye pamaso pa anthu mazana atatu, koma dzina sakatchula. Noku akuti atchule.

Tapulumuka. Ambuye, zikomo. Masiku awiri ena ndipita naye kunyumba.

Lolemba, 12 Januwale

Magetsi abwera.

Lachiwiri, 20 Januwale

Ndilemba kamodzi kokha, kuti zichoke m'mutu zikhale papepala.

Lolemba lija, kutangoyamba kucha, kunabwera bambo wina wa kukomboni ya kumunsi, mkazi wake ali pakati pobereka. Noku anali m'tulo tabwino, kupuma mofatsa, dzanja pansi pa tsaya. Ndinamufunditsa n'kupita. Mwana anabadwa bwinobwino, wamkazi. Ndikusamba m'manja panja, ndinaona babu la pakhomo lawo layaka. Amayi a m'nyumbamo anayamba kululutira magetsi. Ine ndinangoliyang'ana babulo. Nthawi imeneyo, yongoyang'anayo, ndi imene sindidzadzikhululukira.

Kenako ndinathamanga. Sayirini inandipeza pakati pa mizere ya tiyi.

Kiliniki ili khoma ndi khoma ndi fakitale.

Ndinamupeza pansi, phazi limodzi litakodwa m'nsalu ya pabedi. Maso otsegula. Ndinakanikiza pachifuwa, kumuuzira mpweya m'kamwa, kukanikiza, kuuzira. Ndinamva nthiti ikuthyoka, sindinasiye. Akuti panapita ola lathunthu asanandichotsepo. Ine sindikukumbukira amene anandigwira.

Kunyumba Amayi anali atatsegula zenera lathu kuti utsi utuluke. Bambo Abrahamu anayang'ana kumtunda monga mwa masiku onse. Lotsegula. Sankadziwa kuti mwana akugona kuseri kwa khoma lawo. Sindinawauze. Sayirini inali itakhala chete mwezi wathunthu, ndinali nditaiiwala.

Tinamuika Lachitatu kumanda a esiteti, kumene kwagona anthu onse a ku Nyasalande, pakati pa bambo ake ndi Isake. Bokosi la matabwa a kabati yathu. Anzake a m'kwaya anaimba Chishona, achikulire Chinyanja. Diresi la buluu.

Bambo Abrahamu anagwada m'matope patsogolo panga, chipewa m'manja. Ndinkadziwa kuti ndiyenera kuwadzutsa. Manja anga anakana.

Foni ya Lyford sinkagwira ku Germany. Anamva Lachinayi, anthu atamuombera kale m'manja.

Lachisanu, 23 Januwale

Wafika. Masiku atatu panjira. Wawonda, magalasi atsopano. Chikwama chachikulu. Anachiika pakona osatsegula, koma ndikudziwa zili m'katimo, chikagwedezeka zimalira.

Anagwada kwa Amayi. Kwa ine anangoti, "Achemwali." Ndinamupatsa madzi osamba.

Kumanda anapita yekha. Anabwera mawondo ali matope.

Lamulungu, 25 Januwale

Kutchalitchi sindinapite. Sindikufuna kuona mzere wachiwiri.

Lyford watsegula chikwama. Mabotolo a mapilitsi okwanira chaka chonse, ena olembedwa Nokutenda, dzina lonse la Noku, ena Agripina, ndi dzanja lake lopendekera lija. Kamakina ka batire, ka mawaya omata pachifuwa, kolemba kugunda kwa mtima papepala. Anandifunsa kuti anga anatha liti. Ndinamuuza zoona, sindinamwepo ngakhale limodzi. Chiyambire gawo langa linkapita kwa Noku kuti ake azikhalitsa. Anavula magalasi n'kugwira kumaso.

Ndiye anayamba kundiuza, mwina pofuna kunditonthoza. Kuti chifukwa cha magazi athu, chipatala china ku Cape Town chayeza mabanja makumi anayi amene ana awo ankangogwa. Kuti ana ena amene ankamwa mankhwala a khunyu pachabe tsopano akumwa a mtima, ndipo sakugwanso. Kuti opanga mankhwala atsopano akuyamba awayesa pa kachipata kathuko, aone ngati sakukatseka, asanawapereke kwa anthu. Kuti mtsikana wina wa msinkhu wa Noku amuika kamakina pansi pa khungu, kodzutsa mtima ukaima.

Sindinadziwe kuti ndili ndi mawu otere m'kamwa. Ndinati ana a eni ake. Ndinati magazi ndi athu, kuchira n'kwa ena. Ndinati unatipatsa dzina la imfa yathu n'kukwera ndege. Ndinati Isake anafa osadziwa kanthu, anafa akuseka ndi anzake pasiteji, koma mwana wanga wakhala chaka ndi theka akuopa chitseko, akuopa galu, akuopa kuseka, ndipo wafabe. Ndinati achule ako ali bwino?

Pamapeto pake anati, "Ndine ndinati mumupatse kwinini."

Ndinati jakisoni anali m'manja mwanga.

Tinakhala choncho, aliyense akukokera mlandu kwake. Amayi ali pakhomo, akusenda nthochi zosapsa, osatembenuka.

Lachitatu, 28 Januwale

Ndabwerera kuntchito. Odwala sadikira. Bedi la pakona ndalitulutsa panja.

Sayirini ikulira m'mawa uliwonse, woliza ndi wina. Bambo Abrahamu anapempha kuti awasamutsire kumunda, akuthyola tiyi ndi amayi, munthu wa imvi. Dzulo tinakumana panjira ya kumpopi. Ndinawapatsa moni. Zokhazo ndi zimene ndinakwanitsa.

Ndinamufunsa Lyford mwachindunji. Chinamupha Noku n'chiyani, kwinini, sayirini, kusanza, kapena kutha kwa mapilitsi? Akuti zonse zinakumana. Ndinati sankha chimodzi. Akuti sangadziwe, palibe makina angadziwe. Zaka zonsezi za sukulu.

Ndamupatsa kope la Noku. Ine sindingalitsegule. Anakhala nalo pansi pa mtengo wa mapeyala masana onse. Kumapeto kwake kuli mafunso amene ankasungira Sekuru akadzabwera, alipo khumi ndi limodzi. Anandiwerengera limodzi lokha. "Sekuru, kana kagedhi kakaremara, hamugoni kukagadzira here?" Ngati kachipatako n'kopunduka, simungakakonze?

Akuti funso limenelo ndi limene akugwirira ntchito tsopano. Akuti mwina zaka makumi awiri.

Loweruka, 31 Januwale

Amayi alankhula lero, tikusankha nyemba.

Za mng'ono wawo. Ndinkadziwa kuti analipo, kuti anakwatiwa ndi Msilamu ku maesiteti a ku Chipinge, n'kusintha dzina kukhala Ummi, ndipo agogo anati asadzapondenso pakhomo. Ndinkadziwa kuti anamwalira ndili mtsikana. Kafedwe kake sindinkadziwa. Amayi akuti anali ndi khanda la mwezi umodzi. Mphepo inamenyetsa chitseko, iye n'kugwa ali ndi mtsuko m'manja. Kumaliro sitinapiteko.

Khandalo ndi Hafsa. Mlaliki wina wochokera ku Mount Selinda anauza Amayi pamaliro a Noku kuti Hafsa wabereka mwana wake woyamba pa Nyuwere.

Lyford anaimirira, lichero n'kugwa, nyemba mbwee. Akuti kwa mkazi wa kachipata kathuka palibe nthawi yoopsa kuposa miyezi yotsatira kubereka. Anafunsa Amayi chifukwa chake sananene pamene ankatenga magazi. Amayi: "Ndikananena bwanji za munthu amene sindinamuike m'manda?"

Akufuna tipite Lolemba. Akuti yekha sangamulandire, mwamuna wachilendo wa mawaya, ndipo Chinyanja chake chinazilala. Ndakana. Ndilibe mwana wopulumutsa. Apulumutse yekha ana a eni ake, ndi ntchito yake.

Lamulungu, 1 Febuluwale

Amayi andipatsa mpango wawo wa kumutu, woyera, atakulungamo sopo ndi kabulangete ka khanda koluka okha. Analuka liti, sindikudziwa. Anangoika pamiyendo panga. "Ukamuuze Hafsa kuti mayi ake aakulu alipo."

Lachitatu, 4 Febuluwale

Chipinge. Masiku awiri, kombi mpaka ku Mutare, kenako pamwamba pa lole ya chimanga. Makiyi a kiliniki ndasiyira mlembi wa ofesi. Ine ndi Lyford sitinalankhule zambiri. Pokwera phiri anandifunditsa jekete lake. Sindinabweze.

Tiyi wa kuno ngofanana ndi wa kwathu, nyumba zomwezo, utsi womwewo. Anthu okha akulankhula Chindau.

Hafsa. Ndinamuzindikira asanatchule dzina. Chipumi cha Amayi, mpata wa m'mano wa Isake. Zaka 22. Mwamuna wake Omar ndi telala wa pamsika wa esiteti, waulemu, wochenjera ndi alendo. Nditanena kuti ndine mwana wa mkulu wawo wa mayi ake, Hafsa anagwira pakamwa. Akuti ankaganiza kuti kuchimayi kwake kulibe munthu. Ananunkhiza mpango wa Amayi nthawi yaitali.

Khanda lamwamuna, Alli. Anandipatsa kuti ndinyamule. Ndinanyamula chifukwa kukana kukanakhala mwano. Kulemera kwake, kafungo ka pamutu. Ndinapempha kopita kuseri, n'kukaima kumeneko mpaka kupuma kutabwerera.

Za matenda tinena mawa.

Lachinayi, 5 Febuluwale

Lyford anayamba ndi maselo ndi potaziyamu, Omar akungomuyang'ana. Ndinamudula. Ndinawauza za Isake pasiteji. Za mayi ake a Hafsa ndi chitseko. Za Noku, zonse, ndi babu lomwe. Aka n'koyamba kuzinena ndi pakamwa.

Hafsa anayang'ana mwamuna wake, kenako pansi. Akuti chiberekere wagwa kawiri. Koyamba mwana atalira mwadzidzidzi iye ali m'tulo ta masana. Kachiwiri poto atagwa. Achibale a mwamuna akuti ndi majini, amufukizira lubani. Omar anati ankaopa kumusiya yekha ndi mwana, wakhala akusokera pakhonde.

Za mawaya pachifuwa Omar anakana, kuti mwamuna sangatero. Ndinati ndimata ndine. Lyford anandiphunzitsa panja, pachifuwa chake chomwe, n'kutsala pakhonde. M'chipinda ine ndi Hafsa. Khungu lofunda, mkaka ukudontha. Kamakina kanalavula pepala lalitali.

Lyford analiyala pa tebulo la makina osokera, n'kuyeza ndi rula mpata wa pakati pa kugunda ndi kupuma kwa mtima. Anayeza katatu. Sanafunike kunena. Hafsa ali nako.

Kwa khanda Lyford watenga kadontho ka magazi kuchidendene. Yankho miyezi isanu ndi umodzi.

Walembera madokotala a ku Mount Selinda kalata yaitali, ndi mndandanda wa mankhwala oletsedwa. Wina Omar waukhoma kuseri kwa chitseko, ndipo pachitsekopo wamangapo kansanza kuti chisamamenyetseke. Anachita zimenezo tisanamuuze.

Kenako mabotolo. Lyford anatulutsa olembedwa Nokutenda. Anafuna kumatula pepalalo ndi chikhadabo. Ndinati asiye.

Hafsa anawerenga dzinalo chapansipansi. Anafunsa ngati mankhwalawa sangapweteke mwana kudzera m'bere. Lyford anati ayi. Anatenga pilitsi limodzi, n'kuliika pachikhatho, osameza. Akuti amaopa mankhwala a moyo wonse. Kenako anandiyang'ana. "Achemwali, inu muli nakonso. Mumamwa nthawi yanji?"

Lyford anayang'ana kuzenera.

Ndinati sindimwa. Anafunsa chifukwa. Ndinayang'ana khanda lake la mwezi umodzi. Anatseka chikhatho chake. "Ndiye inenso ndidikira. Ndangokupezani dzulo."

Omar anabweretsa makapu awiri a madzi owiritsa. Palibe amene anamutuma.

Tinameza limodzi.

Kuwawa kwake! Kumamatirira kukhosi, madzi sakuchotsa. Noku ankanena m'mawa uliwonse, akukwinya nkhope, ine n'kumamukalipira kuti asiye zachibwana, kapilitsi kakang'onong'ono ngati aka. Chaka ndi theka.

Ankanena zoona mwana wanga. Ndikanangomuuza kuti ankanena zoona.